Zidutswa za Pansi pa Makina a Telala

 Ena mwa inu amayi ndi atelala mwachokera ku Ntaja ndi ku Nsanama, ena ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Phalula. Ndikudziwa mmene mtengo wa minibasi ulili masiku ano, choncho sindizungulira.

Andipempha kuti ndilankhule za kusoka chofunda cha zigamba, ndipo ndaona ena mukugwedezana zigongono. Sindikudabwa. Kwathu kuno chigamba chili ndi mbiri yoipa. Mwana wobwera kusukulu ndi kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo ankayenda chotsamira khoma, ndipo ambiri muno tidakula tikudziwa kuti munthu akayamba kupeza bwino, choyamba kuchoka m'nyumba ndi chovala chosokerera. Ndiye wina akaima pagulu n'kunena kuti tiyeni tilumikize zigamba 300 tiyale pabedi, omvera amangoti basi, zafika pa mwana wakana phala. Ine maganizo anga ndi ena. Chigamba chotseka chibowo ndi cha mavuto, inde. Koma chofunda chimene munthu wachilinganiza yekha, kusankha mtundu uwu ugundane ndi uwu, kuyeza, kudula, kusita ndi kusoka mpaka ngodya zonse zikumane, ndi ntchito ya luso, ndipo mwini wake ayenera kuyamba wafunda yekha asanaganize zogulitsa.

Tiyambire pakhonde la sitolo. Pitani pa msika wa Liwonde kapena wa Balaka sabata yoti Eid yayandikira, kapena mu Ogasiti ana akamakonzekera kutuluka ku jando ndi ku nsondo, kapenanso mu Disembala maukwati akachuluka. Telala wakhala pampando, tepi ili m'khosi, phazi likupalasa, ndipo pansi pa makina pali mulu wa timapisi: kakona kotsala podula khosi la bulauzi, kamzere kotalika ngati mkono kochokera m'mbali mwa siketi, kachidutswa kopindika ka m'khwapa. Pa mulu umodzimodziwo mupezapo chitenje cha chinkhoswe, yunifolomu ya sukulu, nsalu yoyera ya mkanjo ndi layiningi woterera. Madzulo mnyamata wophunzira ntchito amasesa zonsezo n'kuthira m'thumba. Zina amayi amatola kukapanga chopondera pakhomo kapena chokolopera, koma zambiri zimathera pamoto kuseri kwa msika. Chikhalirecho mwini chilundu adalipira nsalu yonse, ndi timapisi tomwe. Atelala musandiyang'ane choncho, sindikukuyambitsirani mlandu. Ndikungoti mayi akabwera kudzatenga chovala chake n'kufunsa zotsala, mumupatse ndi mtima umodzi, ndipo inu amayi mukafuna thumba lonse la zotsala za anthu ena, musiyeko kangachepe ka sopo.

Kale mwina tikanati nsalu ndi yosasowa. Lero ayi. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera nayo, nsalu ndi ulusi womwe. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika adaguba mu Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unali utawapitirira msinkhu. Ngati kaunjika weniweniyo wafika poguba naye mumsewu, ndiye kuti chidutswa cha nsalu yatsopano chimene chagwa pansi pa makina si chinyalala.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti tikukamba zosowa nsalu tili pakati pa minda ya thonje. Balaka, amene adapatulidwa ku Machinga mu 1998 kukhala boma palokha, ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi thonje m'dziko muno. Mlimi amalipopera, kulitola dzuwa likuswa mtengo, kuligulitsa pa sikelo. Likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke ulusi. Fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene idayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo idaveka makolo athu ambiri, idafooka mpaka boma lidaigulitsa kwa a Mapeto mu 2003. Zitenje zambiri zimene zapachikidwa m'misika yathu lero n'zochokera ku Tanzania, ku Zambia, ku India ndi ku China. Komatu David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859, chaka chimene adakaona nyanja ya Chilwa kenako nyanja ya Malawi, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo momwe. Ena ankasula chiwondo kuchokera ku makungwa a mombo. Nsalu inali chuma chosungidwa, ndipo ya kunyanja yamchere, monga merikani woyera uja amene poyamba ankachokera ku mafakitale a ku Massachusetts, inkafika kuno pamitu ya amtengatenga m'maulendo a malonda a minyanga ndi akapolo. Mbiri imeneyo ndi yowawa, koma ndi yathu tonse, ndipo ikutilumikiza ndi magulu awiri a anthu amene ndikufuna muwadziwe.

Oyamba ali ku America, m'kamudzi ka Gee's Bend m'chigawo cha Alabama. Ndi zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje pamalo omwewo. Amayi a kumeneko, posowa zofunda m'nyengo yozizira, ankang'amba mabuluku akutha a amuna awo, matumba a ufa ndi madiresi akale n'kulumikiza. Sankatsata buku lililonse. Mu 2002 zofunda zawozo zidapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zidasindikizidwa pa masitampa a dziko la America. Mukaona zithunzi zake mupeza pena pakuoneka bondo la buluku pomwe padasuluka ndi ntchito ya kumunda, ndipo wosokayo sadabise.

Achiwiri ali ku India, m'chigawo cha Karnataka. Amatchedwa Asiddi, anthu akuda ngati ife, amene makolo awo ambiri adatengedwa kuno kum'mawa kwa Africa, ena kudzera m'manja mwa Apwitikizi ku Goa. Amayi awo amasoka chofunda chotchedwa kawandi. Amayala nsalu yakale pansi, n'kuyambira m'mphepete: kupinda kachidutswa, kukagoneka, kukasoka ndi dzanja, kuika kena pambali pake, kuzungulira choncho mpaka kukathera pakati. Alibe makina, alibe tepi. Amene mukudandaula kuti makina ndilibe, njira ya Asiddi ikufuna singano, ulusi ndi mkeka wokhalapo basi.

Koma tisatengere zonse za eni. Chofunda cha m'mayiko ozizira chimakhala chochindikala, chodzaza thonje pakati, chifukwa kwawo madzi amaundana. Ife kuno ku Utale kapena ku Liwonde mu Okutobala munthu amagona chitseko chili pululu, akupempha kamphepo. Ana athu a ku Joni amatitumizira mabulangete aubweya olemera aja, ndipo timawathokoza, koma nenani zoona: miyezi ingati pachaka imene mumafunda? Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, kenako limabwerera m'chikwama chake pamwamba pa wadirobu, ndipo tsiku lolichapa pamafunika anthu awiri ofinya. Chotiyenera ife ndi chofunda chopepuka, choti mayi mmodzi achape pa mjigo m'mawa, masana chauma.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Ndichedwapo pang'ono, chifukwa zofunda zambiri zimene zimakhumudwitsa eni ake zimalakwika singano isanalowe n'komwe.

Choyamba, sankhulani. Nsalu ya thonje payokha, yoterera ya pulasitiki payokha, jinzi payokha. Mukalumikiza jinzi ndi layiningi, yolimbayo imakoka yofewayo mpaka msoko kuthetheka, ndipo tsiku losita, simbi ya makala imene ikukomera chitenje imasungunula inzakeyo. Ngati simukudziwa kuti nsalu ndi yanji, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi panja: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, pulasitiki imakwinyika n'kusiya kambulu kolimba. Mukatero chapani zonse. Abale achikhristu mukukumbuka fanizo lija la chigamba chatsopano pa chovala chakale. Mfundo yake telala aliyense amaidziwa, kaya amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Nsalu yatsopano imabwerera ikalowa m'madzi koyamba, pomwe yakale idabwerera kale, choncho mukazisoka pamodzi musanachape, chofunda chimatuluka m'beseni chili makwinya okhaokha. Kuchapako kumakuululiraninso nsalu yotulutsa utoto. Yofiira ndi yabuluu wakuda muziviike pazokha m'madzi ofunda. Ngati mwatsukuluza kangapo madzi akadali ofiira, imeneyo isayandikane ndi yoyera, ipite ku chopondera.

Kenako dulani katoni. Tengani katoni yolimba ya sopo, mujambulepo sikweya ya masentimita 12 mbali zonse, muidule mosamala ndithu, chifukwa kakatoni kameneka ndiye mwini ntchito yonse. Sentimita imodzi mbali iliyonse idzalowa mumsoko, ndiye chooneka pamwamba chidzakhala masentimita 10. Masikweya 15 m'lifupi ndi 20 m'litali akupatsani chofunda cha masentimita 150 kwa 200, ndiwo 300 ndinanena aja. Koma woyamba kumene asayambire pamenepo. Yambani ndi ka mwana wakhanda: 8 kwa 10, masikweya 80, kofunditsa popita ku sikelo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Poika katoni pansalu, mbali yake itsate mmene ulusi wa nsaluyo wayendera, osati chopingasa mwa ngodya, chifukwa chodulidwa mopendama chimatamuka ndipo sichidzagona bwino ngakhale muchisite motani. Lembani ndi choko, kapena ndi kachidutswa kouma ka sopo kamene kamatsala kopyapyala kaja. Ndipo sizasi yodulira nsalu muibise. Ana akangodulira mapepala a kusukulu, kapena bambo akawengera zikhadabo, yatha.

Amayi ena amati kuyeza n'kwa atelala, ine ndingoyerekeza ndi maso. Tiyeni tiwerengere limodzi. Sikweya iliyonse ikaperewera ndi mamilimita 2 okha, kanthu kochepa kuposa njere ya mpunga, pa masikweya 20 mzere wafupika ndi masentimita 4. Mzere woyandikana nawo mwina watalika ndi 3. Mukawalumikiza, ngodya sizikumana, ndiye mumayamba kukoka uku ndi kupinda uku, ndipo chofunda chimatuluka chokhota, chotukuka pakati. Pa makina, matani kapepala pa sentimita imodzi kuchokera pa singano kuti mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo. Osoka pamanja, lembani mzere ndipo pakapita timisoko tingapo muzibwerera kamodzi kumbuyo kuti ulusi ukaduka usasosoke wonse. Mzere ukatha, sitani misoko yonse igonere mbali imodzi. Mzere wotsatira igonere mbali inayo. Mukatero, polumikiza mizere iwiriyo misoko imalumana yokha pa mphambano, ndipo chala chimamva kuti yakhala. Wosoka wosasita ndiye amene amadzati makina ndi oipa.

Musanasoke kalikonse, yalani zidutswa zonse pamkeka, mubwerere m'mbuyo mpaka pakhomo, muyang'ane. Apa ndi pamene zitenje zathu zimavutira. Chitenje chilichonse chimafuna kuoneka chokha: maluwa akuluakulu, nsomba, mawilo, mitundu isanu pansalu imodzi. Mukaika zolusa zokhazokha moyandikana, diso limasowa popumira. Pakati pa ziwiri zolusa ikani yopanda maluwa, kaya yakuda, yoyera kapena yotuwa. Shati ya kaunjika yothothoka kolala imakupatsani nsalu yabwino yotere kumsana kwake. Ndipo chimene chimapanga maonekedwe si mtundu wokha, koma kusiyana kwa chowala ndi chodera. Muli ndi foni, jambulani chithunzi muchisandutse chopanda mitundu, muona pompo pamene zodera zaunjikana. Siyani pamkekapo mpaka mawa ngati nkhuku ndi ana angalole. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mundifunsa za nsalu za zipani, poti m'nyumba zambiri ndi zimene zadzaza sutikesi. Kuno kwawo kwa Bakili Muluzi yachikasu siisowa, ndipo pambali pake pali yabuluu, yalalanje, ndi ya tambala wakuda. Chisankho chikadutsa, zina mumachita nazo manyazi kuvala pamsika. Ziduleni. Pa masentimita 10 palibe amene adzadziwe kuti kachikasu aka kadachokera pamsonkhano uti, ndipo zipani zonse zidzagona pabedi limodzi popanda kutukwanana. Nkhope zokha muzipewe, si bwino mlendo adzuke usiku n'kupeza diso la munthu likumuyang'ana pachifuwa. Nsalu zolembedwa mawu a chipembedzo, za mpingo kapena za ku mzikiti, musadule musanafunse atsogoleri anu.

Nanga timizere tija tosakwana sikweya, timene ndi tochuluka kwambiri m'thumba la telala? Musataye. Dulani shiti yakutha m'masikweya a masentimita 22, mugoneke kamzere kamodzi pakati kuchokera ngodya kufika ngodya, kena mukavundikire pamwamba pake, musoke, mutembenuze, musite, muike kenanso, mpaka shiti yonse yabisika. Zotuluka m'mbali muchepetse potsata shitiyo. Timizere tingakhale tosiyana kukula, zilibe kanthu, chifukwa shiti ya pansi ndiyo ikusunga muyeso. Mabuloko anayi otere mukawatembenuza kuti mizere ikumane, pamatuluka chithunzi cha daimondi chimene simunachijambule. Kwa ine njira iyi ndiyo yotiyenera kwambiri kuno, chifukwa imadya zimene tili nazo zambiri, ndipo chofunda chake chimakhala kale ndi nsalu ziwiri, chosafunanso china pakati.

Chapamwamba chikatha, pakufunika chakumbuyo. Zitenje ziwiri zimakwana, koma muzilumikize chopingasa, kutalika kwa chitenje kuyende m'lifupi mwa bedi, kuti chakumbuyo chipose chapamwamba mbali zonse. Ofuna kotenthera ka mu Juni aike pakati bulangete lopyapyala lakutha kapena shiti yaubweya ya pa kaunjika. Alimi a thonje mudzayesedwa kuthiramo thonje la m'munda. Chenjerani nalo: njere zake zili ndi mafuta amene amathimbiriritsa nsalu, zimaitana makoswe, ndipo thonje losapalasidwa bwino limaundana m'mabulumwa mukangochapa kamodzi, pokhapokha mutasoka mizere yothithikana kwambiri. Yalani zitatuzo pansi posalala, mugwirize ndi ulusi wautaliutali kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako musoke mizere yolowa ndi kutuluka yopyoza zonse, motalikirana ngati chikhatho. Wotopa angathe kungomanga mfundo ndi ulusi wokhuthala pa mphambano iliyonse, chimagwirabe. Pomaliza pindirani chakumbuyo chotsalacho kutsogolo kawiri, chikhale mpendero. Mpendero ndiwo umayamba kutha, choncho musauchitire ulesi.

Ndikudziwa funso limene likudikira, chifukwa pamsonkhano uliwonse wa amayi limabwera: msika wake uli kuti? Tidazolowetsedwa choncho. Kuyambira m'makalasi a zapakhomo a kale aja, kudzafika nthawi ya Chitukuko Cha Amayi m'Malawi m'zaka za m'ma 1980, mpaka mabungwe a lero ndi mabanki a m'mudzi, mayi akagwira singano pamayenera kutuluka phindu, apo ayi akutaya nthawi. Ndikuyankhani mosabisa. Alendo amene amabwera kudzaona njovu ku Liwonde National Park amagula timatumba ndi tinsalu ta patebulo, zolowa m'chikwama; chofunda cha bedi lalikulu ndi ochepa angachinyamule. Mnansi wanu adzachiyamikira, koma pa mtengo adzachiyerekeza ndi duveti ya pa kaunjika, osawerengera masabata amene mwakhala mukusoka. Amene dzanja lake lakhwima angathe kupeza maoda, makamaka a mphatso za ukwati ndi za mwana wobadwa kumene, ndipo ameneyo asachite manyazi kutchula mtengo wokwana. Koma woyamba ndi mtima wa msika amathamanga, amadumpha kusita, amasoka zikuluzikulu kuti athe msanga, ndipo mapeto ake alibe ndalama, alibenso chofunda chabwino.

Abambo akakhala pansi pa mtengo wa mango masana onse akusewera bawo, palibe amene amawafunsa kuti msika wa bawo uli kuti. Mayi nayenso ali ndi ufulu wokhala pakhonde dzuwa litapendeka, mbale zitatsukidwa, n'kumasuntha tinsalu pamkeka chifukwa choti zikumusangalatsa. Ndipo abambo musaganize kuti ndakutulutsani. Atelala ambiri m'misika yathu ndinu amuna, ndipo owomba nsalu a nthawi ya Livingstone aja ambiri anali amuna.

Chotsiriza ndi nkhani yofuna ulemu. M'mayiko ena anthu amasoka chofunda kuchokera ku zovala za malemu, kuti ana azifunda malaya a bambo awo kapena zitenje za agogo. Ena muno zakukhudzani, ena zakuopsani, ndipo nonse muli ndi zifukwa. Kwathu zovala za malemu zili ndi mwambo wake: pali nthawi yozigawa, pali oyenera kugawa, ndipo mabanja ena amafuna zipite kwa osowa ngati sadaka. Musalowe m'sutikesi ya malemu ndi sizasi chifukwa choti mwamva kwa ine. Dikirani zigawidwe, ndipo chimene chagwera inu, mukafunsa akuluakulu a pabanja n'kuvomera, ndiye mudule. Nsalu yoti yavalidwa zaka zambiri imakhala yofooka m'mapewa ndi m'mawondo. Muiyang'anitse kudzuwa, pomwe kuwala kukupyoza kwambiri musiye, mutenge za kumsana ndi za m'munsi, ndipo muzisokere pa shiti monga tanenera timizere tija kuti zipirire kuchapa.

Tikapuma, amene mwabwera ndi masizasi mukhale mbali ya kumazenera kuno kuli kuwala. Makatoni alipo okwanira, koma simbi ndi ziwiri zokha, ndiye wina ayambiretu kukoleza makala.